Cheetah, ndege ya dziko losalidwa

Ndikamva anthu akunyadira kuti kum'mwera kwa Afirika kuno kunapangidwapo ndege yankhondo, mtima wanga umagawika. Amanena Cheetah, imene South Africa inaonetsa koyamba mu 1986.

Ndegeyi inabadwa chifukwa cha kusalidwa. Mu 1977 bungwe la United Nations linaletsa mayiko kugulitsa zida ku boma latsankho la ku Pretoria. Ndege zawo za Mirage III, zogula ku France, zinali kukalamba, kwinaku ku Angola kukubwera ma MiG-23 oyendetsedwa ndi asilikali a ku Cuba. Kampani ya Atlas inaphwasula ma Mirage aja n'kuwamanganso. Anatalikitsa mphuno kuti mulowe makina atsopano, anaika timapiko tiwiri kutsogolo kwa mapiko aakulu kuti izikhota msanga, ndi paipi yoti izimwera mafuta ili m'mwamba. Ndege yomweyo inkatha kulimbana ndi inzake mlengalenga, n'kuthanso kuponya mabomba pansi. Nzeru zambiri zinachokera ku Israel, choncho akati "yopangidwa konkuno" akunena zoona mwatheka chabe.

Luso la amisiri aja ndimalisirira ndithu. Chimandiwawa n'chakuti anthu amene ndegeyi inkasulidwira kukawamenya anali Aafirika anzathu a ku Angola.

Mtundu wake wamphamvu kwambiri, Cheetah C, unafika Nelson Mandela atatuluka kale m'ndende, nkhondo ija itazilala. Mu 2008 boma la ufulu linaipumitsa, n'kuyamba kudalira Gripen yogula ku Sweden. Zina mwa zotsalazo zinagulitsidwa ku Ecuador.