Za Madzi a Diripi Okonzeratu

Ife amene timaperekeza Abambo kuchipatala pokapereka Masakramenti kwa odwala, kawirikawiri timamva dandaulo ili pakati pa odwazika: "Anamwino awa ngochedwa. Bwanji osakonzeratu mabotolo a diripi mmamawa, kuti wodwala akangofika angomupachikira?" Mawu otere amachokera m'chikondi, ndipo sitiwanyoza. Koma m'kukonzeratu komweko muli tsoka lobisika, limene n'koyenera kuti banja lililonse lilidziwe.

Diripi ndi madzi oyera osakaniza ndi mchere pang'ono kapena shuga. Dotolo Thomas Latta wa ku Leith, m'dziko la Scotland, anayamba kuthira madzi a mchere m'mitsempha ya odwala kolera m'chaka cha 1832. Masiku ano opanga madziwa amawatsekera m'botolo kapena m'thumba, nawatenthetsa ndi nthunzi mpaka tizilombo tonse titafa. Pokhala chitsekere, madziwo amakhala miyezi yambiri osawonongeka. Koma akangoboola potsekera paja kuti alowetse kapaipi kapena mankhwala, khomo latseguka, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso, tochokera ku zala kapena ku fumbi, tingathe kulowa.

Kachilombo kamodzi kotere kamadzigawa pakati n'kukhala tiwiri, tiwirito n'kukhala tinayi. Tiwerenge monga tinkachitira ku sukulu: katapeza malo okayanja n'kumagawika pa theka la ola lililonse, pakutha pa maola 10 kasanduka khamu loposa 1,000,000. M'diripi sitifulumira chotero, komabe mitundu ina imakonda madzi a shuga, ndipo kutentha kwa kwathu kuno kumatithandiza. Choopsa koposa n'chakuti madziwo amaonekabe mbee. Phala logona timalidziwa ndi fungo, thobwa likasasa lilime limatiuza. Diripi yowonongeka siichenjeza munthu. Ndiponso chimene timamwa chimayamba chafika m'mimba, mmene tizilombo tambiri timafera, pamene diripi imalowa m'magazi mwenimweni, mopanda mlonda pakhomo.

Zimenezi zinaoneka ku America m'zaka za 1970 ndi 1971. Tizilombo totchedwa Enterobacter tinabisala m'kati mwa zotsekera za mabotolo a kampani ina, ndipo potsegula tinkagwera m'madzi, n'kuswana m'menemo botolo lili chipachikire. Odwala 378 m'zipatala 25 anadwala matenda a m'magazi, ndipo 40 anamwalira. Madotolo anapeza kuti tsoka linkakula pamene diripi yakhalitsa, nalangiza kusintha botolo ndi mapaipi ake pa maola 24 alionse. Lero kumeneko lamulo la mu 2023 likuti mankhwala osakanizira pafupi ndi wodwala ayambe kulowa m'thupi maola 4 asanathe.

Ife aphunzitsi a katekisimu timakumbukira apa za mana m'chipululu, m'buku la Eksodo mutu 16: Aisraeli ena anasunga otsala kufikira mmawa, ndipo anagwa mphutsi. Amenewo anali ndi mwayi, pakuti mphutsi anaziona.

Tidziwa kuti namwino mmodzi nthawi zina asamala wodi yonse yekha usiku, ndipo kukonzeratu kukanamupeputsira ntchito. Chifukwa chake tikamuona akusamba m'manja, akupukuta poboolera ndi sipiriti, akuboola thumba latsopano pamaso pathu, nalembapo tsiku ndi ola, tisamung'ung'udzire. Mphindi zimenezo akuzitayira m'bale wathu.

Nafenso odwazika tili ndi gawo lathu. Tisagwire pamene kapaipi kalumikizana ndi singano, ndipo tisakazule tokha pofuna kuperekeza wodwala kuchimbudzi. Madzi otsala a wodwala wina tisawapemphe, ngakhale tione ngati akutayika pachabe. Ngati thumba likudontha, kapena madzi achita mbuu, tinene. Ndipo wodwala akayamba kunjenjemera ndi kutentha thupi diripi ili mkati moyenda, kapena mkono ukatupa ndi kufiira pa singano, tisati ndi malungo wamba oti tidikire nawo kucha. Tithamange kukaitana namwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.