Umboni: Kompyuta Imene Ndinkati Yafa Ikudyetsabe Ana Anga

Ndine mayi wamasiye wa ku Ndirande, ndipo ndimadyera kutayipa. Ndili ndi kashopu chakufupi ndi msika komwe ndimakonza makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati ndi chinkhoswe, mapologalamu a maliro, komanso mayeso a sukulu zina za pulayiveti. Khasu langa ndi kompyuta imodzi ya kaunjika ya pa tebulo imene malemu bambo a kunyumba anandigulira ku Limbe, pamodzi ndi pulinta yakale koma yolimba.

Kompyutayi inabwera ndi Windows 7, imene inatuluka mu 2009. Inali ndi RAM ya 2GB basi, koma sinkandivutitsa. Ndikaiyatsa m'mawa, ndisanamalize kusesa pakhonde inali itakonzeka.

Kumapeto kwa 2019 mwana wa achimwene anga anabwera kuchokera ku Joni kudzadya Khirisimasi. Ataiona anagwedeza mutu. "Azakhali, pa 14 Januwale Microsoft ikusiya kutumiza chitetezo cha Windows 7. Mutsala pa mbalambanda." Mwanayo sananame, tsikulo linali loona, ndipo ankandifunira zabwino. Anachezera usiku kuika Windows 10, m'mawa mwake anandionetsa mmene ikuwalira, kenako anakwera basi kubwerera ku Joni.

Mavuto anayamba basiyo isanafike n'komwe pa Mwanza. Kompyuta inkatenga nthawi yaitali kuti idzuke, kanyali ka hard disk kali ngwee osaphethira. Ndikatayipa mawu, zilembo zinkabwera pambuyo, ine nditafika kale mzere wina. Pulinta inangoti zii, chifukwa opanga ake anasiya kalekale kutulutsa madalaivala a mtundu umenewo, Windows 10 isanabwere mu 2015. Bando imene ndinkagwiritsa ntchito sabata yathunthu inkatha usiku umodzi, kompyuta ikudzikokera yokha ma update pa intaneti.

Chimene chinanditsiriza ndi magetsi. Madzulo ena kukugwa mvula, pa sikirini panalembedwa kuti ndisazimitse kompyuta chifukwa ikuika zatsopano. Ili mkati motero, magetsi thi! Atayaka, kompyuta inkangoonetsa sikirini ya buluu, n'kuzima, n'kuyakanso, osapitirira pamenepo.

M'mawa mwake kunafika anamfedwa kudzatenga pologalamu ya maliro a mayi awo. Mtembo unali wonyamuka masana kupita kumudzi ku Thyolo. Ndinawapatsa mpando, ndinathamanga ndi kapepala kawo kolemba pamanja kupita ku shopu ya mnzanga wopikisana naye, n'kulipira ndi ndalama za m'thumba mwanga. Manyazi amenewo sindidzawaiwala. Mkati mwa kompyutamo munalinso mayeso a sukulu ziwiri amene ndinali nditatsala pang'ono kumaliza, ndi zitsanzo za makadi zimene ndinasonkhanitsa kwa zaka zambiri. Lendi ya shopu inali itakwana, fizi ya mwana wa ku sekondale sindinamalize.

Pa 3 Febuluwale 2020, Ndirande yonse inali pa wailesi kumvera majaji ku Lilongwe akuthetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu Meyi 2019. Madzulo anthu akuimba m'misewu, ine ndinali nditadzitsekera mu shopu, ndikulira pamaso pa Mulungu. Ndinamuuza kuti: Ambuye, mwamuna munatenga, chotsala ndi ichi, kodi nachonso chipite?

Lachinayi la sabata lomwelo, ku mapemphero a amayi, ndinapereka chopempha changa. Ena anaseka pang'ono kumva munthu akupempherera kompyuta, ndipo sindiwada. Koma titaweruka mayi wina anandikokera pambali n'kundiuza kuti amuna awo amakonza makompyuta ku Limbe. Ndinaikulunga mu chitenje, n'kukwera nayo minibasi nditaifungatira pamiyendo.

Bamboyo anali wosathamanga. Anandifotokozera kuti Windows 10 ili ndi njira yobwererera ku pulogalamu yakale, pa gawo lotchedwa Recovery, chifukwa imasunga zakalezo mu foda ya Windows.old. Koma khomo limenelo limakhala lotsegula masiku 10 okha (poyamba, mu 2015, unali mwezi), kenako fodayo imafufutika yokha. Ine nthawiyo inali itandipitirira. Mtima unangoti myuu.

"Mayi, musadandaule," anatero. "Tiyambe tapulumutsa katundu wanu, zina zibwera pambuyo."

Anatsegula bokosi, n'kuchotsa hard disk, n'kuilumikiza ku kompyuta yake. Mafoda anga anaoneka onse. Mayeso aja analipo, makadi analipo, ngakhale zithunzi za malemu zimene ndinali nditaiwala kuti zili mmenemo. Ndinagwada pomwepo pakati pa mawaya, anyamata ake akundiyang'ana.

Atakopera zonse, anafunafuna kasitika kokhala ndi kiyi ya Windows 7, ya zilembo ndi manambala 25. Kanali m'mbali mwa bokosi, kofufuma chifukwa cha nsanza yonyowa imene ndinkapukutira fumbi, koma kankawerengeka. Anafufuta disiki yonse, n'kuika Windows 7 mwatsopano kuchokera pa DVD, kenako madalaivala amene anali atasunga kale pa flash. Anandiuza kuti 2GB ndiye mlingo wotsikitsitsa umene Windows 10 ya 64-bit imalola, wongokwanira kudzuka, osati kugwira ntchito tsiku lonse. Cholakwa sichinali pa pulogalamu yatsopanoyo, koma kuti tinasenzetsa nkhalamba thumba la chimanga.

Anandipatsa lamulo limodzi, ndipo pamenepa nkhope yake inasintha. "Kompyutayi isadzalowenso pa intaneti." Anandikumbutsa za vairasi ya WannaCry imene mu Meyi 2017 inatseka mafailo m'makompyuta a m'maiko oposa 150, mpaka zipatala za ku Britain zinabweza odwala. Choncho mawu a mwana wa achimwene uja anali ndi nzeru ndithu, kungoti mankhwala ake sanali oyenera kompyuta yanga. Lero makasitomala amanditumizira zolemba pa WhatsApp, ine n'kuzisamutsa ndi kebulo. Flash ya munthu sindiilowetsa mwachisawawa, pakuti kuno kwathu zambiri zimayenda ndi kavairasi kobisa mafoda. Loweruka lililonse ndimakopera ntchito yanga pa disiki ina imene imagona kunyumba.

Pulinta inadzuka tsiku lomwelo. Mayeso ndinapereka, ndalama ndinalandira. Pa 23 Marichi sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ntchito ya mayeso inaima kwa miyezi. Ndalama zija ndi zimene zinatidyetsa. Kompyutayo ikanachedwa kukonzeka, sindikudziwa kuti ndikanatani ndi ana. Wina anganene kuti zinangochitika, ine ndikuti ndi Yehova, ndipo dzina lake lilemekezeke.

Ndalemba izi chifukwa pa 14 Okutobala 2025 nayonso Windows 10 inafika kumapeto a chitetezo chake, ndipo Windows 11 imafuna RAM ya 4GB ndi kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 kamene makompyuta ambiri a kaunjika alibe. Anzanga otayipa a ku Bangwe, Zingwangwa ndi Machinjiri, munthu asanakhudze kompyuta yanu, ayambe wakopera mafailo anu pena, ndipo akuonetseni ndi maso kuti pulinta yanu ili ndi madalaivala. Mukaona kuti sizikuyenda, musadikire kuti masiku 10 aja athe.