Mgonero wa Agogo m'Chipata

Munthu wocokera kwathu ku Mtenguleni akamalowa m'Chipata pa mseu waukulu wa ku Lusaka, amayamba waona mapiri atazinga mzinda monga mpanda wa khola. Agogo athu, amene citupa cao cimati anabadwa mu 1944, akali kuucha mzindawu kuti Fort Jameson, ngakhale dzinalo linacotsedwa kale ndipo mu 2017 Chipata inakwezedwa kukhala mzinda waukulu.

Mu Ogasiti 2024 Agogo anakwanitsa zaka 80. Ana ao a m'tauni anati tiwacitire phwando la tsiku lobadwa ku nyumba yodyeramo, mwambo umene ife a kumudzi sitinauzolowere. Cinali caka ca cilala, nkhokwe zambiri sizinadzale, koma tinasonkha ndithu. Kutatsala sabata tinakalembetsa anthu 26, tinachula nkhuku zakumudzi ndi nsima, ndi kulipiratu theka la ndalama. Apongozi nawonso anabwera kucokera ku Mchinji, kudzera pa cipata ca Mwami.

Tinafika 5 koloko madzulo. Mipando tinapeza 18 cabe, matebulo ali balala. Mtsikana woperekera zakudya anatiyang'ana kamodzi, maso nabwerera pa foni. Moni panalibe, madzi osamba m'manja panalibenso. Anyamata athu ananyamula okha matebulo, otsalawo naimirira kukhoma ngati mboni pa bwalo la milandu.

Kenaka magetsi anazima. Pamenepa sindiwadzudzula eni nyumba, pakuti caka cimeneco madzi anacepa ku Kariba ndipo dziko lonse linali kugonera mdima. Koma kodi ndani m'Chipata amene sanali kudziwa zimenezi? Amayi ogulitsa nsima pa msika wa Kapata amakoleza mbaula zao m'mamawa, ndipo wanjinga wanjala amadya asanapukute thukuta. Kuno anatuma mnyamata kukagula makala ife titakhala kale ola lathunthu.

Cakudya cinabwera modukizadukiza. Anayamba ndi ana, akulu ali kuyang'ana. Nkhuku zinafika zokha, zacizungu, ndipo nthutumba imene tinafuna kuikira apongozi sinaoneke. Pamene nsima inali kutulukira, yosapsa bwino, ndiwo zinali zitagwira mafuta. Agogo, mwini tsiku, analandira pothera, mbale itaperekedwa ndi dzanja limodzi. Apongozi anangowerama, natsuka pakhosi ndi madzi. Manyazi amene ndinamva ine sindinawamvepo ndi kale lonse.

Inu owerenga mudziwa mmene timadyetsera khamu kumudzi. Pa maliro, kapena pa Nc'wala imene yakhala ikucitika kwathu mwezi wa Febuluwale kuyambira pamene inabwezeretsedwa mu 1980, nyumba imodzi imalandira alendo oposa amene tinali nao. Pamakhala mayi mmodzi wamkulu woyang'anira miphika. Iye amawerenga anthu moto usanakolezedwe, amagawa nchito, amadziwa woyamba kusamba m'manja ndi womutsatira. Nsima ndi ndiwo zimacoka pamoto pamodzi. Palibe amene amalipira ngwee. M'nyumba ija munali mafoloko onyezimira ndi nsalu zoyera, koma mayi wotereyu munalibe.

Nthawi itapitirira 8 koloko, tidzukulu titayamba kulira ndi tulo, Agogo anamasula mfundo ya citenje cao. Munali nshawa zokazinga za m'munda mwao, zimene anatengera ulendo. Anagawira ana onse pang'onopang'ono, natambasulira apongozi zotsala ndi manja awiri.

Pepala la ndalama linabwera msanga kuposa nsima, litalembedwa mbale 30. Titawerengetsa, mkulu wa pamalopo anatulukira koyamba nati, "Pepani amayi, munaculuka."

Agogo anamuyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wanga," anatero, "ana awa ndinabala ndine. Kodi unafuna ndisiye angati kunyumba?"