Nyimbo Imene Ndiikonda Koposa

Mwa nyimbo zosalembedwa m'buku lathu la nyimbo, iripo imodzi imene mtima wanga uikonda koposa. Eni ace ndiwo amuna anai ochedwa R.E.M., a ku Athens m'cigawo ca Georgia ku America, amene anayamba kuyimba pamodzi m'caka ca 1980, osatsata mayimbidwe ochuka a masiku aja, nalekana mu 2011. Dzina lace ndilo "Everybody Hurts", ndipo inaturuka mu 1992.

Anaipekera makamaka acinyamata otaya mtima, olingalira za kudzipha. Cifukwa cace mau ace ali osabvuta kumva, ndipo iyenda modekha, monga mau a munthu wopepesa pamaliro. Mu 2010, cibvomezi citapasula dziko la Haiti, oyimba ambiri anaiyimbanso pamodzi, kuti apeze ndalama zothangatira otsala.

Ndiikonda pakuti indikumbutsa mwana uja wokhala duu pambuyo pa anzace m'sukulu. Ambiri afulumira kudzudzula wacisoni, nati alibe cikhulupiriro. Koma nyimboyi simdzudzula ai, ingomlimbitsa mtima kuti apirire, nafune abwenzi. Kodi wotere wa m'mudzi mwanu munamcezera liti? Musadikire tsiku la maliro ace.