Za Kutsuka Dziwe la Nsomba

Ife okhala m'tsinde mwa mapiri a Mafinga, m'dziko la Chitipa, tiri kutali ndi nyanja. Makolo athu analawa nsomba pokhapo wamalonda atakwera ndi usipa wouma wa ku Karonga, kapena ana atagwira tinsomba ta mu mtsinje. Koma Mulungu anatipatsa cuma cina, ndico madzi. Mapiri awa atalika kupitirira mamita 2,000, ndipo mitsinje yambiri itsika m'menemo. Ngakhale Luangwa, mtsinje waukuru wa ku Zambia, uyambira tsidya lija la mapiri omwewa. Cifukwa cace nchito yoweta nsomba m'maiwe, imene boma linayamba kuiyesa ku Nchenachena ndi ku Domasi m'zaka za m'ma 1950, itafika kwathu kuno, ambiri anakumba maiwe m'mbali mwa ngalande, naikamo makumba ndi cilunguni. Dziwe limodzi lipatsa banja ndiwo, ndi ndalama ya sukulu, ndi copereka ca pa Sabata.

Adani a nsomba tiwadziwa tonse: katumbu, ng'azi, mbalame, ndi munthu wa dzanja lalitali. Koma alipo mdani wina amene tifuna kumchula lero, ndiye cangu ca mwini dziwe.

Taphunzitsidwa ukhondo kuyambira ubwana wathu, kuti tisese pabwalo, titsuke mbale, tiphitse madzi akumwa. Ndipo ciphunzitso cimeneci ncabwino ndithu. Tsono munthu wakhama akaona dziwe lace labiriwira, acita manyazi pamaso pa anansi ace. Aphwetsa madzi, alowamo ndi khasu, apala matope, natsegula ngalande yonse kuti dziwe lidzale madzi oyera mbee. Madzulo akondwera ndi nchito ya manja ace. Koma kutaca apeza nsomba ziri kupuma pamwamba, kukamwa yasa. Aponya madeya, sizidya. Patapita masiku atatu zina zayandama, mimba m'mwamba. Pamenepo ayamba kuganizira mnzace kuti anathiramo mankhwala usiku, ndipo udani ulowa pakati pa Akristu awiri amene anali kukhala pa mpando umodzi m'kacisi.

Tiyeni tione cimene cacitika m'madzimo. Coyamba, nsomba iribe moto wa m'thupi monga ife; madzi akafunda ifunda nayo, akazizira izizira nayo. Madzi a m'dziwe aothera dzuwa masiku ambiri, koma a mu ngalande angotsika kumene ku phiri, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julai aluma mano. Makumba ndi nsomba za ku malo otentha. Mukazitsanulira madzi otere nthawi imodzi ziuma thupi, zileka kudya, ndipo mphamvu yao yokana nthenda icepa.

Caciwiri, kubiriwira kuja sindiko uve. Ndi timbeu tating'onoting'ono, tosaoneka limodzi limodzi, timene makumba adya usana wonse. Ndiponso dzuwa likawala timbeu tomweto tipatsa madzi mpweya umene nsomba zipuma. Wotaya madzi obiriwira wataya nkhokwe ya nsomba zace.

Cacitatu, matope a pansi akabvundulidwa, zoola zonse zimene zinagona m'menemo zidzuka ndi kumeza mpweya wa m'madzi, ndipo dothi limata makha, ndiwo mapapu a nsomba. Cilunguni ciikira mazira ace m'timaenje ta pansi, ndipo khasu liwapasula. Makumba akazi asunga mazira m'kamwa, ndipo akaopsedwa awalabvula. Potero munthu aononga ndi mbeu ya caka ca mawa yomwe.

Cacinai, thupi la nsomba likutidwa ndi cinthu coterera ngati therere, ndico maraya ace. Mukaigwira ndi manja ouma, kapena kuiunjika m'dengu, maraya aja ang'ambika ndipo nthenda ipeza khomo. M'caka ca 2020 nthenda ya zironda za nsomba inaoneka ku Mchinji, nipha nsomba zambiri m'maiwe ndi m'mitsinje. Nthenda yotere ikonda nyengo yozizira, ndi nsomba yofoka kapena yovulala.

Nzeru imeneyi aidziwanso anthu a ku Ulaya ndi ku America, amene aweta mbuna za m'Nyanja ya Malawi m'mabokosi a galasi m'nyumba zao, cifukwa ca kukongola kwa maanga ao. Iwonso wongoyamba kumene akatsuka bokosi lonse tsiku limodzi, nsomba zace zibisala, zifumbwa maonekedwe, zina zifa. Pakuti m'miyala ndi m'cosefera madzi mukhala tizirombo tabwino timene tisandutsa zonyansa za nsomba kuti zisakhale ululu, ndipo madzi a pa mpope okhala ndi klorini atipha. Cifukwa cace odziwa acotsa gawo locepa lokha, ngati limodzi la magawo anai, nabwezera madzi ofunda cimodzimodzi ndi akale. Nsomba ya m'galasi ku Germany ndi nsomba ya m'dziwe ku Chisenga zimvera lamulo limodzi la Mlengi.

Nanga ticite ciani, abale? Tisaleke kusamala dziwe, pakuti ulesi nao umapha. Bviikani mkono m'madzi kufikira m'cigongono. Mukaona cikhato bwino lomwe, madzi ayera kopitirira. Tsekani ngalande, thirani manyowa. Cikhato cikabisika dzanja litangolowa, ndipo nsomba zipuma pamwamba m'bandakuca, madzi akhuta. Lekani manyowa, cepetsani madeya, nimulowetse madzi atsopano pang'ono pang'ono. Musatsukire sopo kapena copopera mankhwala a m'munda mu ngalande yopita ku dziwe. Mukagula ana a nsomba, yandamitsani cotengera cao pa dziwe kanthawi, ndi kuthiramo madzi a m'dziwemo pang'ono pang'ono, kufikira atuluka okha. Kutsuka kwakukuru kuli ndi nthawi yace, ndiyo nsomba zitakololedwa: pamenepo phwetsani dziwe, liume ndi dzuwa kufikira matope ang'aluka, wazani laimu kapena phulusa, thirani manyowa ndi madzi, nimudikire masabata awiri kuti abiriwirenso. Akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Ndipo ife amene tisonkhana m'nyumba ya Mulungu sitingathe kuima pa dziwe osakumbuka kuti ophunzira oyamba a Ambuye anali asodzi. Mu fanizo la namsongole, pa Mateyu 13, anchito anafuna kuyeretsa munda tsiku lomwelo, koma mwini munda anawaletsa, poopa kuti angazule ndi tirigu yemwe. Cangu cao cinali cabwino, koma nthawi ndi macitidwe ace zinali zolakwika. Cimodzimodzi mkuru wa mpingo wofuna kukonza zonse m'mwezi umodzi, kapena kholo lodzudzula mwana pa zolakwa khumi nthawi imodzi, kapena mphunzitsi watsopano wopasula zonse anazisiya mnzace. Amene ayamba kufoka ndi ang'ono: a m'kalasi, obwerera kumene, amasiye a mtima wosweka. Iwo sapfuula, monga nsomba siipfuula. Mungoona kuti malo ao pa mpando ali pululu.

Cifukwa cace tikonze maiwe athu ndi mipingo yathu, koma ndi dzanja lofatsa, poyang'ana tsiku ndi tsiku ngati zamoyo ziri m'katimo ziri kudya ndi kupuma bwino. Pakuti madzi akatayika saoleka, ndipo amene anatipatsa akasupe a Mafinga adzatifunsa za zonse anaziika m'manja mwathu.