Kuuluka Popanda Lichero

Kwathu kuno ukangomva kuti munthu wauluka, nkhani yake ndi ya lichero basi. Koma anzanga, kunja kuno anthu akuuluka masanasana, atalipira ndalama, ndi ana omwe.

Masewerawa amawatcha indoor skydiving. Ndinawaona pa foni ya achimwene atabwera kuchokera ku Lilongwe. Munthu amalowa m'chipinda chagalasi chozungulira ngati nkhokwe yaitali, pansi pake pali ukonde wa waya. Mafani akuluakulu amakankha mphepo kupita m'mwamba pa liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola. Iyeyo amangogona chafufumimba, manja atatambasula, n'kumayandama. Liwiroli sanangolota ayi. Ndi lomwe munthu wodumpha m'ndege amafikapo asanatsegule parachuti, pamene mpweya womukankha wafanana mphamvu ndi kulemera kwake. Akapinda manja amatsika, akatambasula amakwera.

Ku Chisepo kuno chipinda chotere tilibe, ndiye ndinati ndiyese ndi zomwe zilipo. Ndinang'amba jumbo yaikulu, n'kumanga ulusi wa thumba la feteleza m'makona onse anayi. Wokwera wake anali dzira la nkhuku ya amayi, ndipo anandiuziratu kuti likasweka ndiwo zanga za tsikulo ndi zomwezo, ndikanyambite pansi. Ndinakwera pa chigafa mawondo akugwedera, ndinataya. Jumbo inafufuma, dzira n'kumatsika mwaulemu ngati mkwatibwi, mpaka pansi bwinobwino. Mng'ono wanga anakuwa ngati timu yake yachinya.

Agogo anangoseka. Akuti, "Nanga chachilendo n'chiyani? Popeta paja mankhusu amauluka, chimanga n'kubwerera m'lichero." Eetu, lichero lomwelo limene timaliopa ndi limene limaonetsa sayansiyi tsiku ndi tsiku: chopepuka ndi chotambalala mpweya umachinyamula.

Musati ndi za azungu zokha. Godfrey Masauli ndi Mmalawi mnzathu. Anakumana ndi Benjamin Jordan wa ku Canada, yemwe anabwera kudzaulutsa makaiti ndi ana, n'kuphunzira kwa iye kuuluka ndi paraglider, phiko la nsalu lopanda injini. Mapeto ake anauluka kuchokera pa phiri la Mulanje, ndipo nkhani yake ili mu filimu ya 2013 yotchedwa The Boy Who Flies.

Chikundiwawa n'chakuti tikafika Fomu 3 ambiri timathawa Physics, eti ndi ya anthu a ku boarding amene ali ndi labu. Chonsecho jumbo, ulusi ndi chigafa ndi labu kale. Tikaithawa, ndege zomwe zimatera ku Lumbadzi, pafupi pomwepa, tizingoziloza ndi chala mpaka kukalamba.

Ine Physics sindisiya. Amene akutsutsa abwere ndi jumbo yake Lachisanu tikaweruka, tikumane kubwalo la mpira. Dzira aliyense lake, aise, amayi anga akuwerenga mazira.