Mapazi Makumi Atatu Kuchokera pa Bwemba

Okondedwa achinyamata anzanga,

Lamulungu lapitali, titangotuluka m'tchalitchi, mmodzi wa inu anandionetsa pa foni kanema wa azungu akukumba m'paki ya mumzinda wina ku America, nandifunsa kuti: "Aphunzitsi, kodi izi n'zoona kapena ndi zisudzo chabe?" Ndinangoyankha kuti n'zoona, pakuti ndinali kuthamangira kwa wodwala. Koma funsolo linandiperekeza njira yonse, chifukwa linatokosa nkhani ya kwathu imene ndakhala nayo mumtima kuyambira chaka cha 2022. Ndiloleni tsono ndiyankhe mofatsa, ndipo mundikhululukire ngati mlungu uno ndikukambirani za chitini cha agogo anga.

Nkhani ya ku America ija inayamba motere. M'chaka cha 1982 munthu wina wosindikiza mabuku, dzina lake Byron Preiss, anatulutsa buku lotchedwa The Secret. Asanalitulutse anayenda m'mizinda ya ku North America nakwirira timabokosi 12, kuya kwake pafupifupi mita imodzi. M'kabokosi kalikonse munali kambiya kadothi, m'kambiyamo munali kiyi, ndipo wopeza kiyiyo ankayenera kukalandira mwala wamtengo wapatali. M'bukumo munali zithunzi 12 zojambulidwa ndi John Jude Palencar pamodzi ndi ndakatulo 12, koma mwiniwake sananene kuti ndakatulo iti ikuyenda ndi chithunzi chiti. Wowerenga ankayenera kukwatitsa ziwirizo yekha, kuzindikira mzinda, kuzindikira paki, kenaka kukaima pamalo penipenipo ndi fosholo m'manja.

Kabokosi koyamba kanapezeka mu 1983 ku Grant Park, mumzinda wa Chicago. Anakapeza ndi anyamata atatu, ndipo ngakhale iwowo anachita kuthandizidwa ndi Preiss, amene anawatumizira chithunzi cha malowo ataona kuti alondola ndithu. Kachiwiri kanadikira zaka 21, mpaka 2004, ku Greek Cultural Garden mumzinda wa Cleveland. Mu 2005 Preiss anamwalira pa ngozi ya galimoto. Kachitatu kanatuluka mu 2019 ku Langone Park, mumzinda wa Boston, ndipo sikanatuluke ndi fosholo ayi: makina a anthu amene ankakonza bwalo la masewero ndiwo anakafukula kali kosweka, bambo wina amene anali atalondola malowo atawapempha kuti akhale tcheru. Pofika 2022, bukulo litakwanitsa zaka 40, atatu okhawo ndiwo anali atapezeka.

Ambiri amayesa kuti chovuta ndi ndakatulozo. Ine nditi chovuta ndi nthaka. Mawu amakhala momwe anasiyidwira, koma mtengo umagwa, mpanda umasunthidwa, pamene panali udzu amathirapo simenti. Izi sindinaziwerenge m'buku. Ndinaziona ndi maso anga kuno kwathu, m'mphepete mwa Shire.

Agogo anga aamuna anali mmodzi wa amuna ambirimbiri a kuno amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Masiku amenewo mudzi wathu sunali kuno kufupi ndi Ulongwe, m'boma la Balaka. Unali kutsidya kwa mtsinje, mbali ya Machinga, kumpoto kwa phiri la Chinguni. Atabwerako ulendo wawo woyamba, cha m'ma 1970, anasintha ndalama zawo kukhala zachitsulo, pakuti ankati zapepala n'chakudya cha chiswe. Anazithira m'chitini, namata chivundikiro ndi phula, nakachikwirira usiku osauza munthu, ngakhale mkazi wawo. Kenaka anabwerera ku Joni, ndipo ulendo umenewo anakhalitsa.

Iwo ali konko, dziko linasintha kumbuyo kwawo. Mu 1971 kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni. Mu 1973 boma linakhazikitsa Liwonde National Park, ndipo mabanja amene ankakhala m'katimo anasamutsidwa. Lathu linawoloka Shire. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, nipha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Agogo anabwera m'gulu la obwerera aja, napeza mudzi kulibe, chitini chatsala m'dziko la njovu. Anakhala chete zaka zambiri. Chifuwa chitawagoneka pamphasa m'pamene anaitana agogo aakazi nawauza mawu amene ife tonse tinakula tikuwadziwa ngati pemphero la madzulo:

"Muime pa mlambe wa mphako, uja tinkasungamo makasu. Shire akhale kumsana, Chinguni kudzanja lamanja. Mulunjike kumene dzuwa limatulukira nthawi yothyola thonje, kufikira pa chulu cha bwemba. Kuchokera pa bwembapo, mapazi makumi atatu. Pali mphero yovundikira."

Kwa zaka zonsezo inali nthano ya pamoto basi. Koma chaka cha 2022 chinali chowawa. Mu Januwale namondwe wa Ana anakokolola minda, mu Meyi kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mtengo wa feteleza unali wosayandikirika. Amalume anga anamva mphekesera yakuti kuli anthu ogula ndalama zakale pa mamiliyoni, ndipo anapangana ndi anyamata awiri kuti awoloke usiku, adutse mpanda, akakumbe. Mayi anga anandipeza akulira. Kumbukirani kuti kuyambira 2015 paki ija ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks, yazunguliridwa ndi mpanda wamagetsi, ndipo mikango inabwezeretsedwamo mu 2018. Wolowa mobisa akapulumuka kwa njati ndi mkango, sapulumuka kwa lamulo.

Ndinayesa kuwafotokozera amalume kuti ndalama za 1964 zija, za nkhope ya Kamuzu, sizasiliva; kuti sheleni ya chimanga ija inasanduka matambala 10 okha, ndipo ya masheleni awiri, yojambulidwa njovu, matambala 20. Anandiyang'ana mwachisoni nati: "Mphwanga, sukulu yakuwonongani." Pamapeto pake tinagwirizana chimodzi: tikalowe masana, pa geti, titalipira ngati anthu ena onse, ndipo agogo aakazi apite nafe. Mumtima ndinkayembekeza kuti tikalephera kupeza malowo, nkhaniyo ikathera pomwepo.

Koma nditakhala pansi ndi pepala, chidwi chinandigwira inenso, ndipo apa ndiulule tchimo langa: ndinayamba kufuna kupambana. Ku seminale anatiphunzitsa kuti usanamasulire mawu akale uyambe wafunsa kuti anawanena ndani, kwa yani, ndiponso liti. Ndinachita chomwecho ndi mawu a agogo. Chifukwa chiyani anati "nthawi yothyola thonje", osangoti kum'mawa? Pakuti mlimi amadziwa chimene ife a m'kalasi timaiwala, kuti dzuwa silitulukira pamodzimodzi chaka chonse. Mu Juni, thonje likuthyoledwa, limatulukira chakumanzere kwa kum'mawa kwenikweni. Mu Disembala, chakumanja. Ife tinkapita mu Okutobala, ndipo kusiyana kwa miyezi iwiriyo ndi madigiri oposa 20. Munthu wotsata dzuwa la Okutobala mapazi 200 akhoza kuphonya chulu ndi mapazi oposa 70. Amalume akanapita usiku uja akanakumba dzenje labwino kwambiri pamalo olakwika. Nanga mapaziwo? Agogo aamuna anali wamtali, akuti ankawerama polowa m'nyumba iliyonse ya m'mudzimo, choncho mapazi awo 30 ndi anga pafupifupi 35.

Tinabwereka galimoto, tinazungulira pa mlatho wa ku Liwonde, tinalowa pa geti m'mawa dzuwa lisanatenthe. Anatipatsa mlonda wa nyama, amene kwathu timati agemu, mnyamata waulemu wa mfuti paphewa. Titamuuza nkhani yathu sanaseke. Anangoti: "Kukumba kapena kutola kanthu n'kosaloledwa, ngakhale phale. Koma kuona ndi maso, tiyeni."

Paki ija ndi yaikulu masikweya kilomita 548, ndipo milambe ilimo yosawerengeka. Tinayenda m'nkhalango ya mitsanya yoyoyoka masamba, tikuona migwalangwa kutali m'mbali mwa madzi, nswala zikudumpha msewu. Pa mlambe uliwonse amalume ankati ndi womwewo. Agogo anali chete pampando wakutsogolo, manja pamiyendo. Nditawafunsa ngati akuzindikira malo, anati: "Amuna anga, kunalibe tchire lotere kuno. Kunali minda. Ndizindikira bwanji?" Pepala langa la madigiri linali lopanda ntchito popanda poyambira.

Chimene chinatitsegulira njira sichinali m'mawu a malemu aja konse. Agogo anangotchula mwamwayi kuti potunga madzi ankatsikira pa kamtsinje ka mchenga, pansi pa mvunguti, ndi kuti mabwato ankakocheza pomwepo. Agemu anatembenuka msanga nati akudziwa malo a milambe itatu pafupi ndi kamtsinje kotero, pamene pansi pamadzaza mapale a mbiya mvula ikakokolola. Mwaona tsono, abale anga: wosiya zizindikiro amasiya zimene iye akuziyesa zofunika, koma wofunafuna amapulumukira pa kanthu kamene mwiniwake sanakawerengere.

Tinafika cha m'ma 10 koloko. Milambe inalipodi itatu. Umodzi unali utagwa kale, utafumbutuka ngati thonje lonyowa, pakuti njovu zimasenda khungwa la mlambe ndi kudya m'kati mwake m'chilimwe. Wachiwiri unali wosalala, wopanda mphako. Wachitatu unali wodyedwa mbali imodzi kufika pamwamba pa mutu wa munthu, koma mbali inayo mphako inalipo, yakuda, yonunkha mileme. Ndinaima pamenepo, mtsinje kumsana. Ndinatambasula dzanja lamanja, ndipo Chinguni anali pomwepo, wabuluu m'nthunzi ya kutentha. Kunena zoona, miyendo yanga inanjenjemera.

Ndinatsegula kampasi ya pa foni, ndinapotokera kumanzere monga dzuwa la Juni, ndipo tinayenda pamzere, agemu patsogolo. Apa m'pamene nthaka inatiseka. Pamzere womwewo panali zulu ziwiri zotalikirana mapazi ngati 40. Pa china panali bwemba wamoyo, koma wooneka wamng'ono kwa mtengo umene unali kale chizindikiro mu 1970. Pa chinacho panali chitsa chakale chowola, chosadziwika kuti chinali mtengo wanji. Amalume anawerenga mapazi kuchokera pa bwemba, nakafika pa udzu wouma. Anawerenganso kuchokera pa chitsa, nakafika pa una wa njiri, dothi lofukulidwa lili mbwee. Mphero sinaoneke paliponse. Zaka 52 za mvula, mchenga ndi mapazi a njovu zikhoza kukwirira mwala waukulu kuposa pamenepo. Anaima pakati pa malo awiriwo, manja m'chiuno, thukuta likutsika, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti azindikira okha chimene ine ndinalephera kuwauza: kuti ngakhale atapatsidwa khasu ndi mlungu wathunthu, sakadziwa poyambira.

Titacheuka, agogo anali atatsika m'galimoto, ngakhale tinawauza kuti asatsike. Sanabwere kumene kunali ife. Anayenda ndi ndodo yawo chakumtsinje, kuseri kwa mlambe wakugwa uja, naima pamalo osalala opanda chizindikiro chilichonse. Agemu anathamanga kukaima pambali pawo, maso ali kutchire. Nditafika anandigwira dzanja nati: "Apa pali mlongo wa mayi ako, wachisamba wanga. Anakhala miyezi inayi." Ine, wa zaka zoposa 30, sindinkadziwa kuti mayi anga anali ndi mkulu wawo. Amalume anavula chipewa. Agogo anandiyang'ana nati: "Si inu aphunzitsi? Yambitsani." Ndinayambitsa pemphero la akufa, mawu akutuluka movutikira, mvuu zikulira kumadzi. Agemu uja, amene sindinamufunse za mpingo wake, anaweramitsa mutu mpaka tinamaliza.

Sitinatole kanthu. Ndinajambula mlambe, zulu ziwiri zija, ndi malo osalala aja. Pepala la madigiri ndikali nalo. Amalume sanatchulenso zodutsa mpanda, ndipo chaka chimenecho tinasonkherana a pabanja kuwagulira thumba limodzi la feteleza.

Pobwerera, titatuluka pa geti ndi kuima pa msika wa Liwonde kuti tigule chimanga chootcha, agogo, amene anakhala chete njira yonse, anatafuna pang'onopang'ono kenaka nafunsa: "Kodi paja ndakhala ndikunena kuti mapazi angati?"

"Makumi atatu, mayi," anayankha amalume.

"Eya," anatero agogo. "Koma tsiku limenelo bambo ako ankatsokomola kwambiri. Mwina anati khumi ndi atatu."